Mmene mungayeretsere gombe popanda kubwezera mapulasitiki m'nyanja

Musanaitane anthu, musanagule magolovesi, yankhani kaye funso limodzi: matumba akadzaza, apita kuti? Ntchito yoyeretsa gombe imafera pamenepa. Kutolako si kovuta. Amayi makumi awiri ndi achinyamata ochepa atha kusesa doko lonse dzuwa lisanafike paliwombo. Koma mulu uja ukangosiyidwa pamchenga, mbuzi zimaumwaza madzulo omwewo, mphepo nkutenga majumbo, mafunde nkutenga mabotolo, sabata isanathe zonse zabwerera m'madzi. Apo ayi wina amangoyatsa machesi, utsi wakuda nkukuta mathandala a usipa.

Ine ndimagula ndi kuyanika usipa kuno ku Senga Bay, ndipo ndili m'komiti ya padoko, ija timati BVC. Ndikulemba zomwe zimatheka pagombe ngati lathuli, pomwe galimoto ya zinyalala sibwera sabata ndi sabata, ndipo thumba la komiti nthawi zambiri limakhala lopepuka.

Yambirani kumtaya

Ulendo wanu woyamba ukhale wa kuboma. Kuchoka kuno kukafika ku Salima ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Pitani awiri kapena atatu, mutenge kalata ya amfumu, mukafunse ofesi yoona za chilengedwe kapena ya zaumoyo kukhonsolo. Mafunso ake ndi atatu basi: kumtaya nkuti, lole kapena thirakitala ingabwere tsiku liti, mafuta alipira ndani. Akakuyankhani kuti tidzaona, khalani pansi mwaulemu mufunsenso, mpaka mutuluke ndi tsiku ndi nambala ya munthu woti muzimuimbira. Tsiku lomwe akupatsanilo ndilo likuuzeni tsiku lotola. Tolani dzulo lake kapena m'mawa wa tsiku lomwelo, kuti matumba asagone pagombe masiku ambiri.

Galimoto ya khonsolo ikavuta, njira zina zilipo. Eni malo ogona alendo amafuna gombe loyera kuposa wina aliyense, ndipo ambiri ali ndi galimoto yomwe imapita kuboma kukagula zinthu ili yopanda kanthu. Malole obweretsa katundu m'mashopu amabwereranso opepuka. Ngolo ya ng'ombe imakwanitsa matumba ochuluka ndithu ngati mabotolo mwawapondaponda. Funsaninso za ogula mapulasitiki olimba. Alipo anthu omwe amasonkhanitsa mabeseni osweka, zigubu ndi mipando yothyoka nkumakagulitsa kwa okonzanso ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mtengo wake ndi wochepa, musawalonjeze anthu chuma, koma katundu wogulidwa amachoka yekha, simuvutika ndi mafuta.

Zonsezi zikakanika, kumbani dzenje, koma malo ake musankhe bwino. Likhale kumtunda kwenikweni, podutsa pomwe madzi anafikapo chikhalire, ndipo litalikirane ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 30, monga alangizi a zaumoyo amanenera pa chimbudzi. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu. Maenje omwe anakumbidwa pafupi ndi gombe zaka za m'mbuyomo mafunde anawafukula, majumbo akalekale nkutuluka ali bwinobwino, zolembedwa zake zikuwerengeka. Madzi saiwala khwawa, ndiye musakwirire chilichonse pomwe nyanja inagonapo. Dzenjelo likhale lakuya, mulitchinge ndi mpanda wa minga kuti mbuzi ndi ana asafikepo, ndipo mukathira zinyalala muzithiranso dothi pamwamba tsiku lomwelo.

Kuwotcha ndiye ayi. Ndikudziwa kuti ndi njira yomwe tonse tinakulira, koma utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni, makamaka mukasakanikirana mapaipi ndi mabatire. Amene amaupuma ndi amayi apathandala ndi ana omwe ali kumbuyo kwawo. Mwaye wake umatera pa usipa womwe mawa ukadyedwe ku Lilongwe kapena ku Dowa. Komanso moto wa pagombe sumaliza ntchito. Umasiya zibuma zakuda zosungunuka zomatirira mchenga, zomwe zimadzasweka pang'onopang'ono nkukhala tizidutswa tosatoleka. Chizolowezi choyatsira mbaula ndi jumbo nachonso chilekeke. Kaudzu kouma, kapepala kapena chitsononkho zimayatsa moto bwinobwino.

Zinyalala zanu zimachokera kuti

Mukadziwa kochokera, mudziwa nthawi yotola ndi munthu woti mulankhule naye. Pagombe la Salima zinyalala zimabwera m'njira zitatu.

Zambiri zimadza ndi mitsinje. Mtsinje wa Lilongwe umadutsa pakati pa mzinda, pafupi ndi msika, nkudzathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amalowa m'nyanja kumwera kwa Senga Bay, moyang'anana ndi zilumba za Maleri. Jumbo yomwe yatayidwa m'ngalande mumzinda mwezi wa Okutobala, mvula ikagwa yamphamvu itha kudzapezeka pamapazi athu. Zilumba za Malerizo zili m'gulu la Lake Malawi National Park, malo omwe bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna za m'miyala. Anzathu a ku Nkhotakota ali ndi Bua, Dwangwa ndi timitsinje tothira m'kanyanja ka Chia, nkhani yake ndi yomweyi.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi kapangidwe ka nyanja yathuyi. Mitsinje yolowa ndi yambiri koma wotuluka ndi umodzi wokha, Shire, ndipo madzi ambiri amachoka ngati nthunzi dzuwa likawomba. Nthunzi sinyamula botolo. Zambiri zomwe zalowa zimatsala momwemo, zina kumira, zina kuyandama mpaka dzuwa ndi mafunde zitaziphwanya kukhala tizidutswa tating'ono tomwe nsomba zimatha kumeza. Zomwe zili mu Shire zimakatseka zosefera madzi pamalo opangira magetsi ngati Nkula, zotsala nkutsetsereka ndi Zambezi kukalowa m'nyanja ya mchere ya Indian Ocean.

Njira yachiwiri ndi alendo odzasangalala. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, komanso pa Khrisimasi, pa Nyuwere ndi pa Pasaka, maminibasi amatsika ndi msewu wa M14 atadzaza anthu, zakumwa ndi timabokosi ta tchipisi. Timawalandira ndi manja awiri, amatigula nsomba, koma m'mawa mwake gombe limakhala losaoneka bwino.

Yachitatu ndife tomwe, ndipo iyi tisaizembe. Zidutswa za maukonde, zingwe, mapatapata ndi mabotolo zomwe timayandamitsira ukonde, mabotolo a oyilo wa injini, mabatire a matochi owedzera usiku, masikito ong'ambika, majumbo omwe timapimiramo usipa wa ndalama zochepa. Zimenezi sizinachokere ku Lilongwe.

Kusankha tsiku

Ngati mukufuna kuti abambo adzapezekepo, yang'anani mwezi kumwamba. Usipa umawedzedwa usiku ndi nyali, ndiye mwezi ukawala kwambiri nsomba sizisonkhana pa nyali, maboti ambiri owedza ndi ukonde wa chilimira amakhala kumtunda, asodzi ali pamthunzi kusoka maukonde. Masiku amenewo ndi omwe mungawapeze ali ogona mokwanira. Mukaika tsiku nthawi ya mdima, iwo amafika m'bandakucha ali otheratu, ife amayi tili kalikiliki kugula ndi kuyanika, ndipo palibe angasiye nsomba kuti akatole botolo. Mwera ukawomba mwamphamvu, miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, maboti amapumanso, ndipo mphepo yomweyo imakankhira zoyandama kugombe. Ukangoleka, tolani msanga mafunde asanazikwirire mumchenga.

Yambani m'mawa, cha m'ma 7 koloko, mumalize isanakwane 10. Dzuwa la Salima mu Okutobala ndi Novembala silifuna masewera, mchenga umawotcha ngakhale mutavala nsapato. Maola awiri kapena atatu ndi okwanira. Anthu akatopa kwambiri tsiku loyamba, mwezi wamawa sabweranso.

Boma linakhazikitsa tsiku losesa m'dziko muno mu Novembala 2020, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse masana. Tsikuli ndi lothandiza mukamapempha galimoto kukhonsolo, chifukwa simukupempha chachilendo. Kumbukirani chabe kuti kuno Asilamu ndi ambiri, ndiye Lachisanu muziyamba anthu atatuluka kumzikiti. Uthenga muupereke kwa ashehe ndi kwa abusa sabata imodzi tsikulo lisanafike, alengeze okha.

Pa chaka chonse, kusesa komwe kumapindula kwambiri ndi kwa Okutobala, chizimalupsa chisanagwe, ndipo malo ake ndi kumtunda: m'ngalande za pamsika, pansi pa milatho, m'makwawa ouma, kuseri kwa mashopu. Jumbo youma ili m'ngalande mumaitola ndi dzanja limodzi. Ikalowa m'nyanja mufunika bwato.

Anthu ndi zida

Amfumu ndiwo khomo. Musawatumizire uthenga pafoni, pitani nokha mukakhale pansi. Mawu ake ndi osavuta: “Zikomo amfumu, tabwera ndi nkhani ya kudoko. Ana anu tikufuna tisese gombe, koma mawu athu paokha ndi opepuka. Tikupempha kuti mulengeze ndinu.” Mawu a mfumu pa nyanja amalemera, ndipo chitsanzo tili nacho m'boma lathu lomwe lino. Chilumba cha Mbenji, kwa Senior Chief Makanjira, chimatsekedwa nyengo ya dzinja chaka ndi chaka kuti nsomba ziswane, mowa saloleza, ndipo asodzi ochokera kutali amamvera. Ngati anthu amatha kusiya nsomba miyezi ingapo chifukwa mfumu yanena, kutaya ukonde wakutha pamalo oyenera sikungawakanike. Pemphani kuti nkhani ya mapulasitiki ilowe m'malamulo a padoko, pamodzi ndi a maukonde ndi a zimbudzi.

Nkhani ya maalawansi ndi matisheti ndinene mosabisa: musayambe nazo. Mukapereka ndalama tsiku loyamba, mwaika mtengo pa ntchitoyo, ndipo tsiku lomwe ndalama idzasowe mudzatsala nokha ndi reki m'manja. Wokufunirani zabwino akafuna kuthandiza, mupempheni magolovesi olimba, mafosholo, wilibala kapena mafuta a lole. Anthu apatseni thobwa ndi madzi akumwa, koma zibwere m'ndowa zovundikira ndi makapu otsuka. Nzomvetsa chisoni kuona otola zinyalala akugawiridwa madzi a m'mabotolo, nkusiya mabotolowo pansi pa mtengo womwe anapumirapo.

Zida zambiri muli nazo kale. Matumba akale a feteleza kapena a chimanga ndi abwino kuposa majumbo akuda ogula, chifukwa sang'ambika ndipo mukakhuthula mumawagwiritsanso ntchito. Mufunika mareki awiri kapena atatu, fosholo, mpeni wakuthwa, chikwanje, chigubu chodula pakamwa choikamo zobaya, sikelo ya m'manja ngati ilipo, kope ndi cholembera. Aliyense avale nsapato zotseka kapena magambutsi. Mumchenga mumabisala mbedza, magalasi osweka ndi zitini zadzimbiri. Pamalo omalizira muike ndowa ya madzi othira klorini ndi sopo.

Katoledwe kake

Dulani gombe m'zigawo, muzike timitengo, gulu lililonse lidziwe poyambira ndi pothera. Kagawo kakang'ono koyera bwino kamakopa anthu kuposa mtunda wautali wotola modumphadumpha. Yendani atatuatatu, mphepo ili kumbuyo kwanu, kuti zomwe zauluka zipite komwe simunafike. Yambirani m'mphepete mwa madzi kukwera kumtunda, chifukwa zomwe zili pafupi ndi mafunde ndi zomwe zingakuthaweni.

Pali mzere womwe mafunde amasiya usiku. Gwadani muuyang'ane bwino. Poyamba mumangoona zinyatsi za bango, timitengo ndi zigoba za nkhono. Mukapalasa ndi chala mumayamba kuona zitsekerero za mabotolo zofiira ndi zobiriwira, timitengo toyera ta maswiti, ngodya za mapaketi a majigisi zomwe ana amadula ndi mano, mapepala a mafirizesi ophwatalala odzaza mchenga, chingwe cha patapata, ndi timipira toyera tochokera ku timabokosi ta tchipisi, tomwe timanyenyeka mukangotigwira. Mkati mwa zonsezi mumapota ulusi wa ukonde woonekera ngati madzi, womwe simuuona mpaka utakukolani chala. Pamzere umenewu ndi poyenera kutherapo nthawi yambiri. Kokani ndi reki kupanga timiyulu, kenako musankhe ndi manja. Bango, masamba ndi makoko a nzimbe zisalowe m'thumba, zimenezo zimawola, mutha kuzisiya kapena kukapangira manyowa. Thumba lodzaza zinyatsi ndi mchenga limangokuthyolani msana ndi kudya malo m'lole.

Sankhani zinyalala pomwe mukutola, musadikire kuti mudzasankhe pamulu. Mulu wosakanikirana wonyowa palibe amafuna kuugwiranso. Thumba lina likhale la mabotolo owala a zakumwa, lina la mapulasitiki olimba, lina la majumbo ndi mapaketi, lina la maukonde ndi zingwe. Magalasi ndi zitini zipite m'ndowa. Botolo lililonse mulikhuthule, muliponde, mubwezere chitsekerero. Botolo la oyilo wa injini, la mankhwala a m'munda, kapena lomwe simukudziwa zomwe zili mkati, musalitsegule, liikeni padera. Mabatire akhale m'chigubu chawochawo chouma, ndipo asalowe pamoto kapena m'dzenje lomwe lili pafupi ndi madzi. Jakisoni mukamupeza, mutoleni ndi fosholo, mumuike m'chigubu cha zobaya, mukapereke kuchipatala chapafupi komwe ali ndi njira yowonongera.

Ana amabwera okha ngakhale simunawaitane, ndipo ndi akhama. Apatseni mbali ya kumtunda, pansi pa mitengo ndi m'njira, azitola mabotolo ndi mapaketi ouma, wamkulu ali pompo. M'madzi asalowe, ndipo nthawi ya sukulu muwabweze.

M'mabango ndi m'matsiriro a mitsinje mumakodwa zinyalala zambiri, koma ndi momwenso mumakhala ng'ona ndi mvuu, komanso nkhono zofalitsa likodzo. Kumeneko kupite asodzi odziwa malowo, pa bwato, masana, ndi mtengo wautali wokhala ndi ngowe. Bangolo asalidule pofuna kuti paoneke poyera. Ndi momwe tiana ta nsomba timabisala, ndipo mizu yake ndiyo imagwira gombe kuti lisakokoloke.

Maukonde otayika

Awa ndiwo amandipweteka mtima kwambiri, chifukwa ndi athu. Ukonde wa ulusi umodzi woonekera uja, womwe a Fisheries amati monofilament, ndi woletsedwa m'dziko muno, koma umalowabe chifukwa ndi wotchipa. Suchedwa kung'ambika, susokeka bwino, ndiye mwini wake amangoudula nkuusiya. Ukatsala m'madzi umapitiriza kugwira nsomba popanda wozikolola. Asodzi akauvuula m'miyala ya kufupi ndi chilumba cha Namalenje umatuluka uli chimtolo cholemera chonunkha, muli minga ya nsomba zowola, nkhanu zamoyo zomwe zinabwera kudzadya, ndi tinsomba ta m'miyala tatsopano tomwe takodwa dzulo lomwe. Nsomba yowola imaitana inzake, ukonde nkugwiranso.

Pouvuula pafunika anthu awiri kapena atatu pa bwato, nyanja ili bata. Ukakodwa pamwala musaukoke mwamphamvu, bwato litha kugudubuzika. Dulani ndi mpeni chidutswachidutswa. Wolowa pansi akhale katswiri wosambira, mpeni uli m'manja, mnzake akumuyang'ana osaphethira, chifukwa ukonde wokola kampango umakolanso mwendo wa munthu. Mukafika nawo kumtunda, woletsedwawo muuduledule kuti wina asautolenso usiku nkuubwezera m'madzi, ndipo mudziwitse mlangizi wa Fisheries. Ukonde wa ulusi wopota womwe wangokalamba uli ndi ntchito zambiri: kutchingira dimba, khola la nkhuku, kuphimbira thandala kuti akhwangwala asatole nsomba, ngakhale magolo a mpira kusukulu. Ife timaugwiritsanso ntchito kuphimbira mulu wa majumbo tikawayanika, kuti mphepo isawatenge.

Ikani thumba limodzi lalikulu pamalo omwe asodzi amasokerapo maukonde. Tizidutswa ta ulusi tomwe amadula posoka ndi tambirimbiri, ndipo ngati thumba lili pafupi amaponyamo popanda kuuzidwa kawiri.

Matewera otaya

Mapampasi ndi nkhani yovuta kuikamba pagulu, koma pagombe ndi m'makwawa achuluka. Amamwa madzi nkutupa, amalemera, ndipo ali ndi chimbudzi. Tonse tikukumbuka kolera ya 2022 ndi 2023 mmene inasautsira maboma a m'mphepete mwa nyanja. Awa musawagwire ndi manja ngakhale muli ndi magolovesi. Fosholo, wilibala, molunjika kudzenje, dothi pamwamba. Zida muzitsuke ndi madzi a klorini.

Amayi anzanga sataya matewera kumtsinje chifukwa cha uve chabe. Akataya kudzala agalu amafukula nkumwaza pabwalo, akaponya m'chimbudzi chimadzaza msanga. Ndiye powalankhula tisawachititse manyazi. Malo abwino okambira ndi kusikelo ya ana, pamodzi ndi alangizi a zaumoyo. Langizo lake ndi loti chimbudzi cha mwana chipite m'chimbudzi, thewera likulungidwe nkuponyedwa m'dzenje lakuya lokhala ndi chovundikira cholemera, ndipo mwana akakhala pakhomo masana, thewera lansalu lochapa likadali labwino.

Zogwiritsanso ntchito, ndi zosayenera

Majumbo oyera ouma mutha kuwasindira m'mabotolo ndi kamtengo mpaka botolo litalimba gwa, mabotolowo nkumangira mipando ya pansi pa mtengo ndi dothi kapena simenti. Ndi ntchito yodya nthawi, koma botolo limodzi limameza majumbo ochuluka modabwitsa, ndipo makalabu a kusukulu amaikonda. Mapaketi olimba a shuga ndi a mkaka amalowa m'malo mwa machubu ofesera mitengo. Koma botolo lotola pagombe lisapite kwa ogulitsa thobwa kapena mafuta ophikira, ngakhale litaoneka loyera chotani. Simudziwa munali chiyani, ndipo lagona padzuwa ndi m'madzi oipa.

Ndalama yochokera ku mapulasitiki olimba, ngakhale ichepe bwanji, ilengezedwe pamsonkhano ndi kulembedwa m'kope. Magulu ambiri amapasuka chifukwa cha kandalama kochepa komwe sikanafotokozedwe.

Kuti mwezi wamawa zichepe

Mukamaliza kusesa, pitani kwa opha mbuzi pamsika muwafunse zomwe amapeza m'chifu. Adzakuonetsani. Chimatuluka chinthu chakuda chopotana, cholimba ngati mpira wachikulunga, majumbo ndi zingwe zitalukana, ndipo mbuzi yake imakhala yowonda ngakhale msipu ulipo. Mwini mbuzi akaona zimenezi ndi maso ake safunanso chiphunzitso. Mbuzi zomwezi ndi zomwe zinadzidzimutsa mayi Gloria Majiga-Kamoto, omwe ankagwira ntchito ndi alimi, nkuyamba kumenyera nkhondo lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala. Boma linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki osakwana ma micron 60 (muyezo wa kukhuthala kwa pulasitiki) mu 2015, makampani ena anakatenga chiletso kukhoti, ndipo pa 31 Julayi 2019 khoti lalikulu la Supreme linagamula kuti lamulolo ligwire ntchito. Mayiwa analandira mphoto ya Goldman Environmental Prize mu 2021. Milandu ina inapitirirabe pambuyo pake, ndipo majumbo opyapyalawo tikuwaonabe m'misika. Bungwe loyang'anira lamuloli ndi MEPA, la boma loteteza zachilengedwe. Mukaona katundu wotere akutsitsidwa mochuluka, dziwitsani ofesi ya zachilengedwe kukhonsolo. Mayi wogulitsa tomato musalimbane naye, iye sapanga jumbo.

Ife ogulitsa nsomba tili ndi mbali yathu. Wogula wa pafupi abwere ndi mbale kapena kabeseni, monga ankachitira amayi athu. Usipa wouma umakulungika bwino m'pepala. Popita kumsika, dengu kapena kachikwama kansalu kosokedwa ndi atelala kuchokera ku chitenje chakutha kamatha chaka. Wogula akakana jumbo, ena mwa ife timamuikira kabasela, ndipo mbiri imafala yokha.

Mabini ndi abwino pokhapokha pali munthu wodziwika ndi dzina yemwe azikhuthula. Bini yosefukira imauza anthu kuti pano ndi potaya. Dulani mgolo pakati, muboole pansi kuti madzi a mvula azituluka, muumangirire pamtengo kuti mbuzi zisagwetse, ndipo muike pomwe anthu amadyera, pafupi ndi okazinga tchipisi ndi ogulitsa zakumwa. Wogulitsa aliyense asamale malo ozungulira benchi lake, zimenezi zilembedwe m'malamulo a padoko. Masiku a zisangalalo, achinyamata awiri aime pomwe maminibasi amaimika, apereke thumba kwa mtsogoleri wa gulu lililonse ndi mawu aulemu: “Takulandirani akuluakulu, sangalalani. Zotsala zanu muike umu, pobwerera mutisiyire pano kapena mupite nazo.” Ambiri amalandira bwino, ena mpaka amathokoza, chifukwa nawonso amasowa potaya.

Kope lija musaliiwale. Tsiku lililonse losesa lembani deti, chigawo chomwe mwasesa, matumba angati a mtundu uliwonse, ndi kulemera kwake ngati sikelo ilipo. Jambulani malo omwewo musanayambe ndi mutamaliza, mutumize pagulu la WhatsApp la komiti. Pakatha miyezi ingapo kopelo limayamba kulankhula. Ngati matumba a maukonde ndiwo akuchuluka, msonkhano wotsatira ndi wa eni maboti. Ngati ndi mabotolo ndi timabokosi pambuyo pa tchuthi, kambiranani ndi eni malo achisangalalo. Ngati ndi majumbo ofika ndi madzi a Linthipe mu Disembala ndi Januwale, nkhaniyo yakula kuposa doko lanu, itengereni ku makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC) kuti khansala akaitule kukhonsolo. Popita kumeneko nyamulani kopelo ndi zithunzi, ndipo mupemphe zinthu ziwiri zotchulika: tsiku lokhazikika la lole mwezi uliwonse, ndi kamalo kotchinga kumtunda kosungirako matumba podikira loleyo.